Kuika babu la enaji seva m'nyumba osapsetsa holda komanso osashokedwa: malangizo a pang'onopang'ono

Mababu opotana aja timawatcha enaji seva, pabokosi amalemba CFL, anthu ambiri tikuwaika molakwika ndipo zotsatira zake zimaoneka: babu mwagula kumene mwezi sunathe lapsa, holda yasungunuka mpaka kuda bii, lina likungophethira usiku wonse pomwe switchi ndiyothimitsa, lina lasweka m'manja munthu akulipotokola kenako wina watenga tsache nkuyamba kusesa ana ali pomwepo. Kodi ndi bwino kuika babu lotere mu holda wamba ya m'nyumba? Eya, analipangira zimenezo, tizipangizo tonse tomwe limafuna kuti liyake tili kale m'chipulasitiki choyera cha kumunsi chija. Ngozi nthawi zambiri imachokera ku holda yotha, mawaya olumikizidwa mwachidule, kutentha, ndi momwe timaligwirira. Ndiye tiyeni tione chimodzichimodzi.

Zofunika kukhala nazo

- Babu latsopano, likadali m'bokosi lake (bokosilo musataye)
- Lada, kapena mpando wathabwa wolimba wosagwedera
- Tochi kapena foni yowunikira
- Tesita ya magetsi, ija yooneka ngati sikuludiraiva yokhala ndi kagetsi m'kati
- Kansalu kouma
- Nsapato za mphira pansi, zouma
- Munthu wina wogwira lada
- Za pangozi ngati babu lasweka: katoni yolimba, selotepi yaikulu, tishu kapena kansanza konyowa, botolo lagalasi lokhala ndi chitsekerero, magolovesi kapena jumbo yovala m'manja

GAWO LOYAMBA: KUSANKHA BABU LOYENERA

1. Onani mtundu wa holda yanu musanapite kokagula. Nyumba zambiri kuno zili ndi holda ya pini, yomwe babu lake lili ndi tizitsulo tiwiri m'mbali, mumakankha nkupotoza pang'ono, pabokosi amalemba B22. Ina ndi yamazinga yomwe mumapotokola mpaka kulimba, imeneyo ndi E27, ndipo pali kang'ono kake E14 komwe kamapezeka mu nyale za patebulo ndi zokongoletsa. Njira yosavuta ndi kunyamula babu lakale popita ku shopu kapena kulijambula pafoni.
Chenjezo: musakakamize babu lamazinga mu holda ya pini pomangirira ndi waya kapena kupanikiza ndi kapepala. Ma adaputala osinthira B22 kupita ku E27 alipo, koma otchipa ambiri amagwedera ndipo amatalikitsa babu nkuwonjezera kulemera. Kuli bwino kugula babu lolondola basi.

2. Werengani mavoti. Magetsi a ESCOM m'nyumba ndi 230V, ndiye babu lilembedwe 220-240V. Mababu a ku America ndi a 110-120V, a ku Japan 100V, ndipo otere amabwera limodzi ndi nyale za patebulo zomwe achibale atumiza kapena zogula pa katundu wakale wochokera kunja. Mukaika pa magetsi athu limaphulika kapena kufuka nthawi yomweyo. Palinso mababu a sola a 12V DC omwe amaoneka chimodzimodzi ndi enawa, kapu yake, kumunsi kolowa mu holda kuja, nkukhala B22 yomweyo. Ngati pakhomo muli ndi sola komanso magetsi a ESCOM, lembani ndi maka pa pulasitiki ya babu lililonse la 12V kuti mwana kapena mlendo asadzasokoneze.

3. Sankhani mawati moyenera. Apa ambiri amanyengeka ndi manambala awiri a pabokosi. Likalembedwa kuti 20W = 100W, ndiye kuti limadya mawati 20 koma limawala ngati babu lakale lija la waya m'kati la 100W. Mwachidule 8W imafanana ndi 40W yakale, 11W ndi 60W, 15W ndi 75W, 20W ndi 100W. Kuchipinda chogona 11W kapena 15W yakwana, pabalaza 20W. Holda yolembedwa kuti isapitirire 60W imalola enaji seva ya 20W popanda vuto, chifukwa nambala yofunika ndi yomwe babu likudyadi.
Chenjezo: zimababu zikuluzikulu za 65W kapena 85W zomwe anthu amakonda kuika m'mashopu ndi m'matchalitchi ndi zolemera. Mukachipachika pa holda yapulasitiki yolendewera pa waya, kulemerako kumakoka mawaya pang'onopang'ono mpaka kusolola pomwe anamangidwa. Chotere chimafuna holda yomangidwa ndi masikulu pa siling'i kapena pa thabwa, yolimba bwino.

4. Ganizirani malo omwe likakhale. Enaji seva galasi lake silitentha kwambiri ngati babu lakale, koma tizipangizo ta m'chipulasitiki chija timadana ndi kutentha ndi chinyezi. Ndiye malo awa samalani nawo:
- M'chigalasi chotsekeka mbali zonse chopanda polowera mpweya: kutentha kumaunjikana, babu limafa msanga, pulasitiki imasanduka yachikasu kenako yabulauni. Ikani la mawati ochepa, kapena lomwe bokosi lake likunena kuti limalola malo otsekeka.
- Pa switchi yochepetsa ndi kuwonjezera kuwala, ya dimmer: musaike pokhapokha bokosi litalembedwa kuti dimmable. Apa mpomwe pali ngozi yeniyeni ya moto, ngakhale mutaisiya switchiyo pa mapeto penipeni.
- Panja, pakhonde, pampanda: pafunika chotchingira mvula. Babu lopanda chotchinga madzi amatsetsereka ndi waya nkulowa mu holda.
- Kubafa: nthunzi imalowa m'timabowo ta pulasitiki. Pafunika chotchingira chomwe anachipangira kubafa.
- Pa nyale zoyaka zokha munthu akadutsa: kuyaka ndi kuthima pafupipafupi kumalipha msanga, apa babu la mtundu wina lotchedwa LED ndiye labwino.
- Nyumba yamalata yopanda siling'i: musalipanikize kumalata, mwezi wa Okutobala kumtundako kumatentha zedi. Litsike pang'ono kuti mpweya uzidutsa. Ngati denga ndi laudzu litalikirane ndi udzuwo ndithu, ndipo mawaya akhale m'paipi.

5. Liyeseni konko ku shopu. Mashopu ambiri a hadiweya ali ndi holda yoyesera pa kauntala, auzeni ayatse muone. Onani ngati galasi lilibe mng'alu, ngati silikugwedera pomwe lalowa mu pulasitiki, ndipo mukaligwedeza pang'ono musamve tinthu tikulira m'kati. Bokosi likhale ndi dzina la kampani, mavoti, mawati ndi maola omwe likuyenera kukhala, abwino amalemba maola 6,000 mpaka 10,000. Ine babu lopepuka modabwitsa, lopanda bokosi, lotchipa kuposa ena onse pamsika sindingalangize munthu kuti aike m'chipinda chogona ana, chifukwa opanga otere amachotsa tizipangizo tina toteteza kuti mtengo utsike.

GAWO LACHIWIRI: KUCHOTSA LAKALE NDI KUIKA LATSOPANO

1. Yesani kaye tesita pa soketi yomwe ili ndi magetsi kuti mutsimikize kuti ikugwira ntchito. Mukatero thimitsani switchi ya pakhoma, kenako pitani pa bokosi la mabreka mukatsitse breka ya magetsi owunikira. Ngati simukudziwa kuti ndi iti tsitsani meni switchi yonse, fuliji siionongeka ndi mphindi khumi. Auzeni a m'nyumba kuti wina asakakweze.
Chenjezo lalikulu: kuthima kwa magetsi si chitetezo. Anthu ambiri amaona ngati nthawi ya blakauti ndiye mpata wabwino wokonza holda, koma magetsi amabwera osagogoda, zala zanu zili m'kati. Ngakhale kwathima dera lonse tsitsani breka. Ngati nyumba ili ndi inveta kapena jenereta yolumikizidwa ku mawaya a m'nyumba, thimitsaninso imeneyo.

2. Dikirani mphindi zisanu kapena khumi kuti babu lizizire ngati limayaka. Pukutani m'manja, valani nsapato zouma. Musachite izi mutangokolopa, simenti yonyowa ndi mapazi opanda nsapato ndiye njira yachidule ya shoko. Lada kapena mpando ukhale pamalo osalala ndipo wina augwire. Ndowa yovundikira, mpando wapulasitiki wong'aluka, kapena mpando pamwamba pa tebulo, ayi.

3. Chotsani babu lakale. Dzanja limodzi ligwire holda kuti isazungulire, linalo ligwire pulasitiki ya kumunsi kwa babu, osati galasi. La pini mumakankha pang'ono m'kati, kupotoza kumanzere, nkulitulutsa. Lamazinga mumangopotokola kumanzere. Ngati lakakamira musalimbane nalo pogwira timachubu tagalasi, ndi topyapyala kwambiri ndipo timathyokera pomwe talowa mu pulasitiki. Kulungani kansalu kouma pa pulasitikiyo kuti dzanja lisaterereke. Likatuluka mupatseni mnzanuyo aliike m'bokosi, osati m'thumba la thalauza kapena pamphepete pa tebulo.

4. Unikani holda ndi tochi. Sitepe iyi ndi yomwe pafupifupi aliyense amailumpha, koma ndi yomwe imasiyanitsa nyumba yotetezeka ndi yomwe ikudikira moto. Yambani ndi tesita ija munaiyesa pa soketi musanatsitse breka: khudzani nayo tizitsulo ta m'kati mwa holda, isayake. Mukatero yang'anani izi. Mu holda ya pini muli timapini tiwiri ta sipuling'i, mukatikankha ndi tesita tiyenera kulowa nkubwerera tokha mwamphamvu. Kamodzi kakalowa osabwerera, kapena kakabwerera mwaulesi, babu silidzagunda bwino, padzakhala kampata komwe moto uzidumpha nkumatenthetsa holda. Onani mtundu wa pulasitiki, ikakhala yabulauni, yakuda, kapena ikuyoyoka mukaikanda ndi chikhadabo, yapsa kale ndi mababu a 100W akale aja, isintheni. Onani timipata tomwe pini za babu zimakolekera, kamodzi kakathyoka babu limalendewera mbali imodzi. Onani ngati muli dzimbiri lobiriwira, zisa za mavu, akangaude kapena mapiko a ngumbi, makamaka holda za pakhonde nyengo ya mvula. Pomaliza onani waya pomwe walowa mu holda, ngati mkuwa ukuoneka, kapena chikopa cha waya chauma nkumasweka mukachipinda, kapena pali polumikiza pokulungidwa ndi jumbo kapena selotepi wamba, imani pomwepo muitane wamagetsi. Holda yatsopano mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi babu lomwe mukufuna kuikalo, ndiye palibe chifukwa choikira babu labwino mu holda yakufa.

5. Ikani latsopano, kugwira pa pulasitiki pomwe paja. La pini: lunjikitsani pini ndi timipata, kankhani, potozani kumanja mpaka mumve kuti lakola, kenako likokeni pang'ono kuti muone ngati silikutuluka. Lamazinga: potokolani mpaka ligunde basi, osalimbitsa ndi mphamvu zonse. Ngati pali chigalasi chotchingira onetsetsani kuti babu silikugunda m'mbali mwake.

6. Tsikani, kwezani breka, yatsani. Enaji seva imayamba mozimirira nkumawala pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi mpaka zitatu, makamaka m'mawa wa mu Juni kukazizira, zimenezo si vuto. Lisiyeni liyake mphindi 15 muli pafupi. Mukamva fungo la pulasitiki yopsa, kulira kwa thetheche mu holda kapena mu switchi, kapena kuwala kukumadukaduka mukagwedeza waya, thimitsani ndipo musayatsenso mpaka wamagetsi aone.

BABU LOPHETHIRA SWITCHI ILI YOTHIMITSA

Ili ndi dandaulo lomwe limamveka kwambiri, usiku mwathimitsa koma pakapita timasekondi babu likuti phethi, kenako phethi. Ena amafika poganiza zina, koma nkhani yake ndi ya magetsi basi. M'babumo muli kachipangizo kosunga moto, ndiye kamoto kochepa kwambiri kakamadontha kudzera m'mawaya kamadzaza pang'onopang'ono, kakadzaza babu limayesa kuyaka nkuthima. Babu lakale la waya m'kati silinkaonetsa zimenezi ngakhale vutolo linalipo.

Komwe kamotoko kakuchokera ndiye nkhani. Nthawi zina ndi switchi yokhala ndi kagetsi kofiira kowala usiku, mukaisintha ndi switchi wamba zimatha. Nthawi zina ndi mawaya ataliatali oyenda limodzi, monga a switchi ziwiri zoyatsa babu limodzi m'khonde la m'kati. Koma chifukwa choopsa ndi ichi: yemwe anawaya nyumba anadula waya wolakwika pa switchi. Switchi imayenera kudula waya wa moto, wofiira m'nyumba zakale kapena wabulauni m'zatsopano. Akadula wa nyutulo, waya wobwererapo magetsi, wakuda kapena wabuluu, babu limathima ndithu koma holda imakhala ndi moto usana ndi usiku, ndipo tsiku lomwe mudzalowetse chala poganiza kuti mwathimitsa mudzashokedwa. Wamagetsi amatsimikiza izi mu mphindi zochepa ndi tesita. Musangosintha babu nkumati zatha, muitaneni, ndipo akhale wa chiphaso chovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ngati ndi nyumba ya lendi auzeni eni nyumba, mawaya a m'kati kuyambira pa mita ndi udindo wa mwini nyumba.

KULIGWIRITSA NTCHITO TSIKU NDI TSIKU

Enaji seva siikonda kuyatsidwa nkuthimitsidwa kawirikawiri, nthawi iliyonse ikayaka kumapeto kwa machubu kumadyeka pang'ono. Ngati mukutuluka m'chipinda kwa mphindi zochepa, zosakwana 15, lisiyeni. Ndi chifukwa chake kuchimbudzi ndi ku sitolo ya m'nyumba mababuwa sakhalitsa.

Magetsi akathima thimitsani maswitchi, musiye limodzi loti likudziwitseni akabwera. Pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira kapena amayaka nkuthima kangapo, ndipo tizipangizo ta m'babu sitipirira zimenezo. Chimodzimodzi magetsi akakhala ofooka madzulo, babu likungozimirira kapena kulephera kuyaka, lithimitseni. Pa jenereta yaing'ono yatsani jenereta kaye ikhazikike kenako mababu, pothimitsa yambani ndi mababu. Pa inveta zotchipa babu limatha kumalira ndi kutentha kuposa masiku onse, likatero lichotseni.

Musaphimbe babu ndi nsalu, pepala, jumbo yamtundu kapena kulipaka penti kuti kuwala kuchepe kuchipinda cha mwana. Gulani la mawati ochepa. Neti ya udzudzu, makatani ndi zovala zopachika zitalikirane nalo.

Za khungu ndi maso: mababu omwe machubu ake ali poyera amatulutsa pang'ono kuwala kwa UV, kuja kosaoneka ndi maso komwe kumapsereza khungu padzuwa. Likakhala kudenga palibe vuto. Koma mu 2008 bungwe la zaumoyo la Health Protection Agency ku Britain linalangiza kuti munthu asakhale pafupi kuposa masentimita 30 ndi babu lotere kwa nthawi yopitirira ola limodzi patsiku. Izi zikukhudza mwana wowerenga ndi nyale ya patebulo ili pamphumi, telala, wokonza mafoni ndi mawotchi. Kwa abale athu achialubino ndi omwe ali ndi matenda a lupus, omwe khungu lawo silifuna UV, ikani la chigalasi chachiwiri pamwamba, lija looneka lozungulira ngati babu wamba, kapena LED.

Babu likamatha limaonetsa: kumapeto kwa machubu kumada, limachedwa kuyaka, limaphethira likuyaka, nthawi zina limaoneka lofiirira. Ena akamafa amalira kuti phu, nkutulutsa kautsi ndi fungo, pulasitiki nkuda mbali imodzi. Musadikire zimenezo, mukaona zizindikiro lichotseni. Likafuka thimitsani, tsegulani mawindo, lizizire, ndipo unikani holda musanaike lina.

BABU LIKASWEKA

M'machubu muja muli mekyule, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chinkakhala mu thermometer zakale za kuchipatala. M'babu limodzi ndi wochepa, pafupifupi mamiligalamu 2 mpaka 5, ndipo babu likakhala losasweka satuluka ngakhale pang'ono. Likasweka amasanduka mpweya wopanda fungo, wina amatsalira mu ufa woyera womwe anapaka m'kati mwa machubu. Babu limodzi silingakugwetseni pansi, musachite mantha, koma mekyule amaononga ubongo ndi mitsempha makamaka kwa makanda, ana aang'ono ndi mwana yemwe ali m'mimba, ndiye kusesa kwake kuli ndi njira.

1. Tulutsani anthu onse ndi ziweto, osaponda pomwe lagwera. Mayi woyembekezera ndi ana asakhale osesa.
2. Tsegulani mawindo ndi chitseko cha panja, tsekani chitseko cholowera zipinda zina. Thimitsani fani ndi eyakoni. Khalani panja mphindi 15.
3. Ngati kachidutswa katsalira mu holda tsitsani breka kaye, kenako chotsani pogwira pulasitiki mutavala magolovesi.
4. Tolani magalasi ndi makatoni awiri, ina ikukankhira pa inzake, nkuthira m'botolo.
Chenjezo: osagwiritsa ntchito tsache, limamwaza ufa uja m'mwamba ndipo tsachelo mawa lisesa kukhitchini. Makina opopa fumbi ndiye oipitsitsa, amauluzira mpweyawo nyumba yonse.
5. Dindani selotepi pansi kuti inyamule timagalasi ting'onoting'ono ndi ufa. Unikani ndi tochi chogoneka pansi, timagalasi timanyezimira. Onani m'ming'alu ya simenti ndi pansi pa mipando.
6. Pukutani ndi tishu kapena kansanza konyowa, nako kalowe m'botolo limodzi ndi selotepi, makatoni ndi magolovesi. Chikolopa cha masiku onse chisakhudze pamenepo.
7. Tsekani botolo mwamphamvu, litulutseni panja pomwe ana safika. Ngati mulibe botolo ikani m'majumbo awiri nkumanga, koma jumbo siitsekera mpweya wa mekyule bwino ndiye isagone m'nyumba.
8. Sambani m'manja ndi sopo. Mawindo akhale otsegula maola angapo.

Likasweka pa mphasa kapena mkeka, ufa umalowa m'mipata ndipo suchoka wonse, ine ndingati itayeni, makamaka ngati ndi yomwe mwana amakwawirapo. Pa kapeti gwiritsani selotepi mobwerezabwereza kenako muiyanike panja. Zovala kapena zofunda zomwe zagweredwa magalasi ndi ufa mwachindunji musazichape limodzi ndi zina. Pansi padothi palani dothi la pamwamba nkuliika m'botolo. Chakudya chomwe chinali chosavundikira pamenepo, ufa, ndiwo, madzi akumwa, tayani osanyinyirika.

KUTAYA BABU LAKUFA

Musaliponye m'dzala lomwe mumatentha zinyalala, moto umatulutsa mekyule yense nkulowa mu utsi womwe inu ndi aneba mupume. Musaliponye m'chimbudzi chokumba, mumtsinje kapena m'ngalande, chifukwa mekyule akafika m'madzi amaunjikana mu nsomba. Libwezereni m'bokosi lake losasweka, ikani mu katoni kapena chidebe chotseka pamalo ouma okwera, kenako funsani ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma lanu, kapena ku shopu yaikulu ya zamagetsi, komwe amalandira zinyalala zotere. Ana amakonda kutola mababu kudzala nkumawaswa ndi miyala kuti amve kulira, auzeni chifukwa chake sayenera kutero.

Dziwaninso kuti mu 2022 maiko a m'pangano la Minamata lokhudza mekyule anagwirizana kuti mababu a mtundu uwu a m'nyumba asiye kupangidwa ndi kugulitsidwa pakati pa maiko pofika 2025. Omwe muli nawo akugwira ntchito musawataye, agwiritseni mpaka afe, koma pogula lina tengani LED. Imalowa mu holda yomweyo, ilibe mekyule, ndipo imadya mayunitsi ochepa kuposa enaji seva.

WINA AKASHOKEDWA KAPENA HOLDA IKAYAKA

Musamugwire ndi manja munthu yemwe wakakamira ku magetsi. Thamangirani ku meni switchi. Ngati ili kutali mukankheni ndi mtengo wouma kapena mpando wathabwa mutaponda pouma. Akachoka apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, shoko imatha kusokoneza kagundidwe ka mtima patapita nthawi. Holda ikayaka moto tsitsani meni switchi kaye, madzi ayi pomwe magetsi akadalipo, gwiritsani mchenga kapena chozimira moto cha ufa.

ZOLAKWIKA ZOMWE ZIMACHITIKA KAWIRIKAWIRI

- Kudalira switchi ya pakhoma yokha osatsitsa breka, kapena kudalira blakauti.
- Kupotokola babu pogwira galasi.
- Kusintha mababu motsatizana pa holda imodzi nkumati mababu a masiku ano ndi achabechabe. Malo amodzi akapsetsa mababu awiri kapena atatu m'miyezi yochepa pomwe zipinda zina zili bwino, vuto ndi holda, switchi kapena polumikiza pena pomasuka.
- Kugwiritsa ntchito holda ngati soketi. Timaadaputala tija tolowetsa mu holda nkulumikizapo ayironi, ketulo kapena hita ndi toopsa kwambiri, mawaya a magetsi owunikira ndi aang'ono, breka yake nthawi zambiri ndi ya 5A kapena 6A, ndipo mu holda mulibe waya wa ethi, uja woteteza munthu ku shoko.
- Kumangirira mawaya mwachindunji pa babu popanda holda, zomwe zimaoneka m'maokala ndi m'mabenchi a pamsika.
- Kusiya holda yopanda babu, makamaka ya nyale ya patebulo yomwe mwana angalowetsemo chala. Siyanimo babu lakufa mpaka mutagula lina, kapena zulani pulagi.
- Kupukuta babu ndi nsalu yonyowa likuyaka. Thimitsani, lizizire, nsalu youma.
- Kutsegula pulasitiki ya babu lakufa kuti mulikonze kapena kuchotsamo zipangizo. Kachipangizo kosunga moto kaja kamatha kukhala ndi moto ngakhale babu lachotsedwa, ndipo potsegula mpomwe galasi limasweka.
- Kuika enaji seva m'khola la anapiye kuti iwafunditse. Siitulutsa kutentha kokwanira ndiye anapiye amazizidwa, fumbi ndi chinyezi cha m'khola zimaliononga, ndipo likasweka ufa uja umagwera m'zakudya ndi m'madzi awo. Kuwunikira m'khola ikani babu lokhala ndi chotchingira, kufunditsa gwiritsani babu lomwe analipangira kutenthetsa kapena mbaula yotchingidwa bwino.